Ndinatentha mtedza wa kafukufuku wa mwana wanga

Inu owerenga, ine ndine munthu wa mtima wapachala. Akwathu amadziwa, madalaivala amene ndinkagwira nawo ntchito pa boda ya Mchinji amadziwanso. Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati kupsa mtima ndiwo umuna. Lero ndikulemba kuti ndivomere poyera kuti ndi manja angawa ndinatentha chaka chathunthu cha maphunziro a mwana wanga, ndipo potenthapo ndinkadziona ngati wanzeru kuposa aliyense. Dzina langa sinditchula. Amene amandidziwa andizindikira okha, ndipo akafuna kuseka aseke.

Ndimakhala cha ku Kapondo. Sukulu ndinalekeza Fomu 4, kenako ndinayendetsa mathiraki odutsa nawo mu Zambia mpaka msana unayamba kukana. Nditasiya chiwongolero ndinabwerera kumunda, ndipo mtedza unandiyanja. Alangizi anandisankha kukhala mlimi wachitsanzo wa kalabu yathu. Anthu ankabwera m'munda mwanga kudzaona momwe ndimapangira mizere, ine n'kumawakalipira akachedwa kubzala. Phunziro limene ndinkalibwereza mpaka anthu kutopa nalo linali la kadukutu, matenda aja opinimbiritsa mtedza, masamba n'kuchita chikasu n'kukwinyika. Amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu. Ndinkawauza kuti ukangoona phando lodwala, zula nthawi yomweyo, usadikire mawa.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, dzina lake Takondwa. Ndiye yekha pa mtundu wathu amene anapita ku yunivesite, ku Lilongwe, kukaphunzira za makompyuta. Kunena zoona, zimene ankaphunzirazo sindinkazidziwa, ndipo sindinkafunsa. Anthu akandifunsa ndinkangoti akuphunzira makompyuta basi, n'kutukula mapewa.

Atafika chaka chomaliza anabwera kunyumba mu Novembala, mvula isanagwe, n'kundipempha kuti tikhale pansi. Anandiuza kuti wophunzira aliyense wa chaka chomaliza amayenera kuchita kafukufuku wakewake, ndipo popanda kafukufukuyo digiri sapereka, ngakhale mayeso ena onse utakhoza. Iye anasankha kupanga pulogalamu ya pa foni yoti mlimi akajambula tsamba la mtedza, foniyo imuuze ngati mtedzawo wagwidwa kadukutu, maso a munthu asanayambe kuona chilichonse. Anatinso aphunzitsi ake oyang'anira kafukufukuyo, mayi wina amene iye ankangowatchula kuti a madamu, anali ndi malo amodzi m'gulu lawo la ofufuza. Wochita bwino akanatengedwa kuti apitirize maphunziro apamwamba akugwira nawo ntchito.

Chimene ankafuna kwa ine chinali ngodya imodzi ya munda, mizere khumi ndi iwiri chakumalire ndi munda wa aneba athu a Mbewe. Ananena mawu amene ndimawakumbukira bwino lomwe: “Adadi, mtedza wa pangodyapo musaukhudze, ngakhale udwale chotani. Musazule, musapopere. Ndapota nanu.”

Ine ndinaseka. Ndinamuuza kuti m'munda mwanga kadukutu salowa, ndiye achite zomwe akufuna. Anayamba kufotokoza chifukwa chake, koma ine maso anali pa wailesi, kunali mpira. Ndinangoti eya, eya, ndamva. Inu owerenga, cholakwa changa chinayambira pamenepo, osati pa machesi.

Titabzala, Takondwa anazika tizikhomo pa phando lililonse la pangodyapo, chikhomo chilichonse ndi nambala yake yolemba ndi penti. Loweruka lililonse ankakwera minibasi kuchokera ku Lilongwe, n'kutsikira pa Boma, n'kupeza njinga yamoto yomufikitsa kwathu. Asanamwe n'komwe madzi ankalunjika kumunda. Ankagwada m'matope n'kumajambula phando limodzilimodzi, tsamba pamwamba, tsamba pansi, n'kumalemba m'kope. Mvula ikagwa amayi ake ankamugwirira ambulera, osati kuti iye asanyowe ayi, koma foni. Lamulungu masana ankabwerera. Anachita zimenezi sabata ndi sabata, osaphonya.

Chakumapeto kwa Januwale mvula inadula kwa masiku angapo, nsabwe n'kuchuluka. Tsiku lina ndikuyendera munda ndinaona mapando atatu pangodya paja atachita chikasu. Dzanja linapita lokha kuti lizule, koma ndinakumbukira lonjezo. Loweruka Takondwa atawaona anasangalala ngati watola chinthu pamsewu. Ine zinandinyansa. Mwana wanga weniweni akusekerera kadukutu m'munda mwanga!

Sabata yotsatira odwala anali ambiri, ndipo anthu anayamba kulankhula. A Mbewe ndi munthu wa pakamwa, tinakulira limodzi, ndipo amadziwa bwino pondikanda. Tinakumana pa msonkhano wa kalabu Lachitatu, pabwalo la tchalitchi. Alangizi asanafike, iwo anayamba mokweza kuti aliyense amve:

“Anzathu a chitsanzo masiku ano akuweta kadukutu ngati mbuzi. Aliyense ali ndi chikhomo chake ndi nambala. Kaya mawa amugulira belu?”

Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina anawonjezera kuti matenda a kwa ophunzira amajambulidwa kaye chithunzi cha chiphaso asanazulidwe. Ine ndinawauza a Mbewe kuti atseke pakamwa asanandione polekera. Iwo anasiya kuseka n'kunena kuti nthabwala pambali, nsabwe sizidziwa malire a munda, ndipo mtedza wawo ukadwala adziwa kolowera.

Apa ndisaname, mawu awo anali oona, ndipo ndi zomwe ine ndemwe ndinkaphunzitsa. N'chifukwa chake anandipweteka kwambiri.

Nditafika kunyumba ndinaimbira Takondwa. Foni inali yozimitsa. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Pofika kachitatu ndinali nditatentha kale. Madzulo anaimba yekha, n'kunena kuti anali m'mayeso. Sindinamupatse moni. Ndinamuuza kuti zamasewera zake zandichotsa ulemu pamudzi, ndipo mawa ndikuzula. Anayamba kulira. Anati, “Adadi, dikirani mpaka Loweruka lokha. Ndikubwera ndi a madamu, ndawauza za nkhawa yanu, ati pali chochita. Masiku atatu okha, adadi.” Ndinadula foni. Mumtima ndinati chabwino, ndidikira, ngakhale sindinamuuze.

Lachinayi m'mawa ndikusukusula, a Mbewe anafika pakhomo atanyamula phando la mtedza lachikasu, mizu ili lendelende. Sanaodire. Analiponya pakhonde pafupi ndi mapazi anga n'kunena kuti alizula m'munda mwawo, mzere wachitatu kuchokera kumalire. Anati, “Nayu mlendo wanu wasochera kwathu. Mpatseni nambala.”

Ndinawagwira pakhosi pa malaya. Akazi anga ndi amene anatilekanitsa, akukuwa kuti abambo mupha munthu. A Mbewe anachoka akutukwana, ndipo ukali umene unalephera kutera pa iwo unafuna potera pena. Ndinatenga khasu, machesi ndi botolo la parafini.

Amake Takondwa ananditsatira njira yonse. Anandigwira mkono, ndinawakankha. Anandikumbutsa kuti kwatsala masiku awiri, ndinawauza kuti munda ndi wanga, si wa yunivesite. Anati ngati n'kuzula ndizule odwala okhawo, ena ndiwasiye ndi zikhomo zawo. Akanakhala wina akanamva pamenepo. Ine ndinati ayi, onse ali ndi nsabwe, ndipo sindikufuna kuonanso kamtengo kanambala m'munda mwanga. Ndinazula mizere yonse khumi ndi iwiri, odwala ndi abwino omwe. Zikhomo ndinazisonkhanitsa pamwamba pa muluwo chifukwa zinali zouma, zoyatsira bwino. Mtedza wauwisi suyaka msanga, ndiye ndinathira parafini yense n'kuwonjezera udzu wa pamsasa. Utsi unakwera mpaka anthu a kutsidya anauona. Nditamaliza ndinasalaza mizereyo ndi khasu kuti a Mbewe aone kuti ine ndikagwira ntchito sindisiya theka.

Akazi anga anakhala pansi m'mphepete mwa munda. Pobwerera anandifunsa funso limodzi, kuti amuuza ndani mwanayo. Ndinawaletsa kuimba. Ndinati zithunzi ali nazo kale zambirimbiri mu laputopu yake, chatsala n'chiyani? Ndinkakhulupiriradi zimenezo, kapena ndinkafuna kuzikhulupirira. Koma Lachisanu lonse foni ikalira ndinkadzidzimuka. Takondwa anatumiza uthenga woti anyamuka mawa m'mawa ndi galimoto ya kusukulu, ndipo anathokoza kuti ndamudikira. Ndinauwerenga kawiri, osayankha.

Loweruka cha m'ma 10 koloko galimoto inaima pakhomo. Anatsika Takondwa ndi a madamu aja, mayi wamfupi wa zaka ngati zanga, atavala chitenje ndi nsapato za jombo. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti amva zambiri za ulimi wanga ndipo ndi mwayi kupeza kholo lololera kupereka munda ku kafukufuku. Ndinangoti zikomo, maso ali kumbali. Kenako anatsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali mpukutu waukulu wa ukonde woyera wa timaso ting'onoting'ono, mapaipi, ndi bokosi lozizira lodzaza timabotolo. Anandifotokozera kuti ukondewo akuta nawo ngodya yonse kuti nsabwe zisatulukire kwa aneba, ndipo mizere yozungulira apopera. Timabotolo tinali totengera tsamba la phando lililonse kupita nalo ku labotale, kuti akatsimikize lomwe lili ndi matenda ndi lomwe lilibe.

Inu owerenga, ndayendetsapo thiraki mabuleki ataduka pamtsetse, koma mantha ake sanafike pa a tsiku limenelo. Ndinanyamula mpukutu wa ukonde uja paphewa, ine ndemwe, n'kuwatsogolera kumunda ndikudziwa chomwe chili kutsogolo. Akazi anga anakana kutiperekeza. Takondwa ankayenda patsogolo pang'ono akucheza ndi aphunzitsi ake za phando nambala 17, loti linayamba kusintha mtundu mochedwa. Njira ya kumunda kwanga si yaitali, koma ndinapeza mpata kasanu woti ndinene, ndipo kasanu konse ndinangopitiriza kuyenda.

Titakhota pa chulu, Takondwa anaima. Choyamba anayang'ana uku ndi uku ngati wasochera munda. Kenako anaona phulusa. Sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono n'kugwada pamuluwo, n'kuyamba kufukula ndi manja. Anatulutsa kachidutswa ka chikhomo kopserera, penti itasungunuka. Anakayang'ana nthawi yaitali.

A madamu anandifunsa modekha ngati pali mapando ena amene ndinawasiya, kapena ngati mizere ikuonekabe kuti mwina adziwe pomwe panali phando lililonse. Ndinati ndinasalaza. Anafunsa ngati ndinataya ena pambali osatentha. Ndinati ayi.

Pamenepo munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine manyazi anasanduka ukali, monga mwa chizolowezi changa. Ndinaponya ukonde pansi n'kuyamba kukalipa. Ndinati zithunzi muli nazo zodzaza kompyuta, mukufunanso chiyani? Ndinawafunsa mayiwo ngati anagwirapo khasu chibadwire, kapena amangodziwa kutuma ana a eni kudzaweta matenda m'minda ya anthu osauka. Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe pano.

Anandisiya mpaka nditatha mpweya. Kenako anandiyankha osakweza mawu. Anati, “Bambo, kompyuta ili ngati mwana, imaphunzira poionetsa chinthu n'kuiuza dzina lake. Zithunzi za Takondwa ndi za mtedza ukadali wooneka wabwino. Kuti tiiuze kuti ili linadzadwala, ili silinadwale, timayenera kudikira mapeto a phando lililonse ndi kuyeza tsamba lake. Mapetowo ndi amene mwatenthawa. Zithunzi zilipo, koma palibe amene angadziwe kuti n'za lodwala kapena labwino.”

Ndinamva bwinobwino. Zinali zosavuta n'komwe. N'zimene mwana wanga ankafuna kundiuza tsiku lija ndinkamvera mpira.

Takondwa anadzuka, manja ali bii ndi phulusa. Ndinkayembekezera kuti andinyoza, ndipo ndikanakonda akanatero, chifukwa kukangana ndimakutha. Iye anangoti, “Adadi, ndinakupemphani masiku atatu.” Anatola ukonde uja yekha, n'kuusenza, n'kubwerera ku galimoto. M'nyumba sanalowe. Amayi ake anamuthamangira ndi madzi osamba m'manja, anasamba ali chiimire, n'kukwera.

Masabata otsatira aphunzitsi aja anayesetsa, izi ndinamva kwa akazi anga chifukwa ine sankandiimbira. Anafufuza minda ina, koma mtedza unali utakula kale paliponse, ndipo kafukufukuyo ankafuna kuyambira pa kumera. Nyengo inali itapita. Takondwa anakaimabe pamaso pa gulu la aphunzitsi oyesa ndi ntchito yosamaliza. Anamuuza kuti pulogalamu yake yalembedwa bwino, koma palibe umboni woti imagwira, choncho abwereze kafukufuku dzinja lotsatira.

Nditamva zimenezi ndinavala jekete n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe osauza munthu. Maganizo anga anali oti ndikalankhula ngati bambo, ndikavomera kuti wolakwa ndine, amukhululukira mwanayo. Ndinafunsira mpaka ndinapeza ofesi ya a madamu aja. Ndinadikira pabenchi pakhonde, ana asukulu akudutsa ndi malaputopu awo, ena akundiyang'ana ngati ndabwera kudzakonza mapaipi. Atandilowetsa ndinavula chipewa, ine amene sindivulira munthu chipewa. Ndinapepesa chifukwa cha mawu anga a kumunda, ndipo ndinapempha kuti chilango chigwere ine.

Anandilandira bwino, anandipatsa mpando. Koma anandiuza mosapsatira kuti nkhaniyi si ya chilango. Anati iwo sangapereke malikisi pa zotsatira zimene kulibe, ndipo ntchito ya wophunzira aliyense imaonedwanso ndi aphunzitsi ochokera ku sukulu zina. Anatinso wophunzira wina akanatha kungopeka, kulemba kuti ili linadwala ili ayi, ndipo mwina sakanagwidwa. Takondwa sanayese n'komwe, anakanena zoona pamaso pa gulu lonse. Chokha chimene sananene n'chakuti anatentha ndani. Anangoti munda unawonongeka.

Ndinafunsa za malo aja a m'gulu la ofufuza. Anayang'ana patebulo n'kunena kuti ntchitoyo inali ndi nthawi yake yoyambira, sakanatha kudikira chaka. Anatenga wina.

Potuluka anandilozera chipinda cha makompyuta. Ndinasuzumira pakhomo. Munali ana ambiri, aliyense maso pa galasi lake, ndipo pakona panali mwana wanga akuthandiza mnzake wina amene ntchito yake inkakana. Atandiona anatuluka, anapinda maondo pang'ono n'kundifunsa kuti ndayenda bwanji, kunyumba ali bwanji amayi. Ndinayamba kunena zimene ndinabwerera. Anandidula mwaulemu, anati palibe kanthu adadi, zinachitika, ndipo ndifulumire minibasi zisanayambe kuvuta. Anandiperekeza mpaka pageti. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa mbama.

Anzake amene analowa nawo limodzi anavala magauni chaka chimenecho. Takondwa anaonera pa foni. Dzinja lotsatira anabwereza kafukufuku wake m'munda wa munthu wina kufupi ndi sukulu, ndipo ine sanandiuze kuti ndi kuti. Anakhoza, digiri analandira mochedwa ndi chaka. Panopa akuphunzitsa makompyuta pa sekondale ina yoyendetsedwa ndi mpingo, ndipo akufunafunabe mwayi wopitiriza maphunziro, koma mwayi wonga uja sunabwerenso. Mnyamata amene anatenga malo ake ndikumva kuti ali kunja.

Kunyumba amabwera pa Khirisimasi. Amandigulira malaya, amandipatsa moni, amafunsa za msana wanga. Koma za ntchito yake amakamba ndi amayi ake kukhitchini, ine ndikalowa nkhani imasintha. Tsiku lina ndinamufunsa kuti pulogalamu ija inatha bwanji, anangoti inatha bwino adadi, n'kutuluka panja.

Tsono inu makolo anzanga, makamaka inu abambo amene muli ngati ine, amene tinalekeza sukulu panjira koma pamudzi timamveka mawu. Mwana wanu akafika pa kafukufuku wa ku yunivesite, adzakupemphani zinthu zooneka zopusa. Wina adzati musakhudze kompyuta yake imene yakhala ikuyaka masiku atatu, wina adzati musataye makope akale, wina ngati wanga adzati musazule chimene moyo wanu wonse mwakhala mukuzula. Zimitsani wailesi, mufunse kuti chifukwa chiyani, ndipo ngati simunamve funsaninso. Kufunsa mwana wako si kuchepa. Nzeru zanga za ulimi sizinali zabodza ayi, kadukutu amazulidwadi, koma ndinazigwiritsa ntchito pamalo pamene ndinapemphedwa kudikira, ndipo amene anandipemphayo anali atapeza kale njira yotetezera munda wa aneba. Ine sindinazule chifukwa cha nsabwe. Ndinazula chifukwa anandiseka pagulu.

Anthu amene anandisekawo anaiwala sabata yomweyo, lero tikumwera limodzi thobwa pamaliro ndi paukwati. Amene sanaiwale ndi mwana wanga, ndipo sindingamukakamize. Mukapsa mtima ndi chinthu cha mwana wanu chimene simukuchimvetsa, ikani manja m'thumba, tulukani pakhomo, mukazungulire mpaka mutazizira. Ine ndinalephera kudikira kuyambira Lachinayi kufika Loweruka, ndipo tsopano ndikudikira tsiku limene mwana wanga adzakhalenso pansi n'kundiuza yekha zimene akuchita. Sindikudziwa ngati lidzafika.